Mabowo Awiri Kumbuyo kwa Kiyibodi

Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha ndipo azimayi a kwaya akulonjerana pakhomo, pemphani mnyamata woimba kiyibodi kuti akuloleni muitembenuze. Ngati ili Yamaha kapena Casio yakale, ija makiyi ake anayamba kuchita chikasu ngati mano a agogo okonda fodya, mudzapeza kumbuyo kwake mabowo awiri ozungulira. M'bowo lililonse muli timabowo tisanu tondanda ngati theka la mwezi. Pamwamba pa limodzi analembapo MIDI IN, pa linzake MIDI OUT.

Ine ndinakula ndikuwaona mabowo amenewa pa kiyibodi ya ku chalichi kwathu pa Boma la Lundazi, pa Kanele pathu. Kiyibodiyo inkayenda pa njinga itakulungidwa m'chitenje, batire la motoka litamangidwa ndi mphira kumbuyo, kupita ku maukwati ndi ku misonkhano ya m'midzi ya kwa Mwase ndi kwa Mphamba. Bowo la magetsi tinkalidziwa. La sipika tinkalidziwanso, chifukwa ndi limene linkativuta nthawi zonse. Koma awiri ozungulirawo panalibe anawakhudzapo, mpaka kachilombo kena kanamata dothi mu limodzi n'kuikiramo mazira. Mkulu wina wa mpingo anatiuza kuti ndi mopumira makina akatentha, ndipo tinakhulupirira. Panapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti biti iliyonse imene mng'ono wanga amapanga pa laputopu mu Kanyama lero imalankhula chinenero chimene mabowo aja anapangidwira.

Tiyambire ku 1981. Zoimbira zamagetsi zinalipo kale zambiri: Moog ndi Oberheim za ku America, Roland, Korg ndi Yamaha za ku Japan. Vuto linali lakuti sizinkamvana. Pa msika wa Lundazi Mtumbuka, Mchewa ndi Mngoni amatsatsana malonda aliyense m'kalankhulidwe kake, nyemba n'kugulidwa bwinobwino. Makinawa analibe ulemu wotero. Ukagula kiyibodi ya kampani iyi ndi makina a ng'oma a kampani ina, unkasunga alendo awiri osalonjerana m'nyumba mwako. Eni makampani ena sizinkawadetsa nkhawa, poti munthu akagula chimodzi kwa iwo ankakakamizika kugulanso chachiwiri komweko.

Anthu awiri ndiwo anakankha kwambiri kuti zimenezi zithe. Woyamba anali Ikutaro Kakehashi, mwini wa Roland, wobadwira ku Osaka mu 1930. Anakula ali mwana wamasiye ndipo anayamba ndi kukonza mawotchi ndi mawailesi, ngati amisiri athu okhala pansi pa ambulera pa siteshoni ya mabasi. Wachiwiri anali Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku California. Mu October 1981 Smith anaika maganizo ake pamaso pa akatswiri a zamawu pa msonkhano ku New York, a ku Japan anawakonza ndi kuwonjezerapo awo, ndipo mu January 1983, pa chionetsero cha zoimbira cha NAMM ku Anaheim, analumikiza Prophet-600 ya Sequential ndi Jupiter-6 ya Roland pa nthambo imodzi. Munthu atadina kiyi pa imodzi, inzake inalira. Chimene ine ndimachilemekeza koposa luso lawo n'chakuti sanachigulitse. Kampani iliyonse inaloledwa kuika mabowowo pa katundu wake popanda kulipira ngwee, n'chifukwa chake ngakhale kiyibodi yotsika mtengo imene inafika kwa Mphamba inali nawo. Awiriwa anapatsidwa mphoto ya Grammy mu 2013, patapita zaka 30.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, choncho tiyende pang'onopang'ono. Nthambo ya MIDI sinyamula mawu. Mukailumikiza ku sipika simudzamva nyimbo. Imanyamula malangizo chabe, monga dzanja la wotsogolera kwaya: dzanjalo siliimba, koma limauza aliyense polowera, potulukira ndi pokweza. Mukadina kiyi, kiyibodi imatumiza manambala atatu. Yoyamba imati kiyi yadinidwa, ndipo imatchula njira imene uthengawo ukuyendamo. Yachiwiri imatchula kiyiyo, pakati pa 0 ndi 127, C wapakati ali nambala 60. Yachitatu imanena mphamvu imene chala chagundira, nayonso kufika 127. Mukachotsa chala, uthenga wina umatsatira wakuti wasiya. Njira zilipo 16 m'nthambo imodzi, kotero besi ikhoza kumvera njira yake, piyano yake, ng'oma yake, popanda kulandana mawu. Zonsezi zimathamanga pa liwiro la tizizindikiro 31,250 pa sekondi, ndiye kuti kiyi imodzi imafika kwa mnzake m'gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 1,000 a sekondi. Pa timano tisanu ta pulagi, titatu tokha ndito timagwira ntchito.

Palinso kanzeru kena kamene kamandisangalatsa. Kuseri kwa bowo la MIDI IN muli kagetsi kakang'ono kotsekeredwa pamodzi ndi kadiso kokaona. Uthenga ukafika, kagetsiko kamaphethira, kadiso n'kuwerenga. Magetsi a makina awa sakhudzana konse ndi a makina awo. Aliyense amene anaimapo pa ukwati n'kumamva masipika akung'ung'udza chifukwa cha mawaya olumikizidwa mwachisawawa adziwa vuto limene anthuwa ankathawa.

Tsono popeza nyimbo yasanduka manambala ochepa, ngakhale kompyuta yofooka inkatha kuisunga. Commodore 64, imene inatuluka mu 1982, inali ndi malo okumbukira a 64 KB. Chithunzi chimodzi cha pa foni yanu sichingakwanemo. Komabe ukaiika kabokosi ka MIDI kumbuyo, inkalemba zonse zimene zala zako zachita n'kuzibwezera ku kiyibodi mosaphonya. Mu 1984 Karl Steinberg ndi Manfred Rürup a ku Hamburg anailembera pulogalamu yotchedwa Pro-16, ya njira 16.

Chaka chomwecho woyambitsa Commodore, Jack Tramiel, munthu amene anapulumuka ku Auschwitz ali mnyamata, anakangana ndi anzake a pa kampani n'kuchoka. Anagula mbali ya Atari yopanga makina a m'nyumba, ndipo mu 1985 anatulutsa Atari 520ST pa mtengo wa madola 799 pamodzi ndi sikirini ya zakuda ndi zoyera. Kumbuyo kwake, pakati pa mabowo a pulinta ndi a zina, anaikapo aja awiri ozungulira. Panalibenso zogula kabokosi. Unkangotenga nthambo ziwiri, ina kuchoka ku kiyibodi kupita ku kompyuta, ina kubwerera. Oimba anaithamangira. Ku Hamburg komweko kunatuluka Notator mu 1988 ndi Cubase mu 1989. Cubase ndiyo inazoloweretsa anthu kuona nyimbo ngati timabokosi toyalidwa kuchoka kumanzere kupita kumanja, chida chilichonse pa mzere wake, kachingwe koima kakuyenda pamwamba pake. Ngati mwatsegulapo pulogalamu iliyonse yopangira mabiti, mwachiona chithunzi chimenechi. Ana a Notator ndiwo anadzapanga Logic, imene Apple inaigula mu 2002. Nyimbo yonse inkasungidwa pa kadiski ka floppy ka 720 KB, ndipo pankatsala malo a nyimbo zina zambiri. Atari inkasunga nthawi bwino kwambiri moti Fatboy Slim wa ku England anapitiriza kupangira nyimbo zake pa iyo makompyuta amphamvu atadzaza kale m'masitolo.

Nanga kwathu kuno kunali zotani pa zaka zimenezi?

Zambia inalowa m'zaka za m'ma 1980 ili dziko la magitala. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za kuno, ndipo magulu anaphuka ngati bowa wa m'dzinja: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, Ngozi Family ya malemu Paul Ngozi. Ankajambulira ku dB Studios mu Lusaka ndi ku Malachite ku Chingola, mbale n'kudindidwa ndi Teal ku Ndola. Kujambula kunali kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, ndipo wa ng'oma akaphonya onse ankayambiranso. Makiyibodi analowa ndithu. Mvetserani WITCH ya mu 1980 ndi 1984, a Patrick Mwondela atakhala pa makiyi, mudzamva gulu la roko litasanduka la disko. Kenaka kalindula inatenga bwalo, ya a P.K. Chishala, Amayenge, Masasu, Serenje Kalindula ndi Shalawambe, besi ili patsogolo, ng'oma zikugundidwa ndi munthu wotuluka thukuta.

Koma mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira 1975, ndipo ndalama zakunja zinkasowa ngati mvula ya mu August. Mu October 1985, chaka chomwe Atari ST inatuluka, boma linayamba kugulitsa dola pa okushoni, ndipo sabata yoyamba yomweyo kwacha inatsika kuchoka pa makwacha awiri ndi pang'ono kufika pa asanu pa dola imodzi. Inapitiriza kutsika. Mu December 1986 ku Copperbelt kunabuka zipolowe za mtengo wa ufa. Makolo athu ankafola mizere ya sopo, saladi ndi shuga. M'dziko lotero madola 799 sanali a woimba wa m'bala, ndipo kompyutayo payokha siilira: pafunikanso kiyibodi, makina a ng'oma, chosakanizira mawu, ndi malaiti osathima pakati pa nyimbo usanasunge.

Choncho MIDI inatifika mozembera, ndipo tinaimva tisanaione. Inayamba kubwera m'makaseti a ku Joni. Nyimbo za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco Twala, zimene zinkalira m'mabasi ndi m'mashabini kuyambira Chibolya mpaka Chipata, zinali za makiyibodi ndi makina a ng'oma. Yamaha DX7 ya mu 1983, imodzi mwa makiyibodi oyamba kukhala ndi mabowo aja, inali ndi piyano yolira ngati galasi imene inadzaza nyimbo za zaka zimenezo pa dziko lonse. Mu 1988 kunabwera Korg M1, ndipo iyi inali ndi kakompyuta kake m'mimba kotha kusunga zida zisanu ndi zitatu nthawi imodzi. Munthu mmodzi ankayala ng'oma, kenaka besi, kenaka malipenga, osafuna Atari kapena mnzake aliyense. Piyano ndi ogani ya M1 zinadzaza nyimbo za house, ndipo anyamata a ku Soweto atachepetsa liwiro la house n'kuikapo chinenero chawo cha m'misewu, kunabadwa kwaito.

Kwa ife a ku Lundazi njira ina inali yaifupi kwambiri. Malire a Lusuntha ali pafupi kuposa Chipata, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Wailesi ya MBC inkamveka m'midzi mwathu, ndipo kwa zaka zambiri ngakhale malaiti a pa Boma ankachokera ku Malawi. Makaseti anadzera komweko. Ku Balaka kunali Alleluya Band, yoyambira pa parishi ya Katolika mu 1978, ndipo mtsogoleri wake a Paul Banda anadzatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe. Pamene Malawi ankalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1993 ndi 1994, mng'ono wawo malemu Lucius Banda anatulukira ndi nyimbo zolankhula zimene anthu ankaopa kunena, ndipo pambuyo pake panatsatira a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro ndi ena ambiri. Rege ya ku Balaka inali ya kiyibodi: malipenga a m'kiyibodi, ogani yodumphadumpha, ng'oma zosatopa. Anthu ena ankainyoza kuti nyimbo zonse zikufanana, ndipo sankanama kwenikweni. Koma ndi njira imeneyo imene inachititsa kuti mwana wa munthu wosauka, wopanda gulu ndi wopanda zida, atulutse kaseti yake n'kuigulitsa pa msika. Makwaya athu anatengera. Mnyamata wa kiyibodi ankadina batani, ng'oma n'kuyamba zokha, dzanja lamanzere likusintha makodi, besi ikutsatira. Mkati mwa bokosilo munkayenda manambala a mtundu womwe uja, kuchoka ku makiyi kupita ku kagawo kotulutsa mawu, ngakhale mabowo a kumbuyo anali omatidwa ndi dothi.

Kuti muone mmene zinkakhalira mwana wa mu Africa akaipeza Atari yeniyeni, tengani nkhani ya Yaw Atta-Owusu wa ku Kumasi ku Ghana, wodziwika kuti Ata Kak. Iye anali ku Toronto, ndipo m'nyumba yake anasonkhanitsa Atari yokhala ndi Notator, kiyibodi imodzi yokhala ndi ng'oma zake, ndi makina a tepi. Mu 1994 anatulutsa kaseti yotchedwa Obaa Sima, akuimba ndi kulakatula m'chinenero cha Twi. Anadinda makope pafupifupi 50 ndipo sanayende malonda. Mu 2002 mnyamata wa ku America, Brian Shimkovitz, anagula imodzi pa tebulo la m'mbali mwa msewu ku Cape Coast. Anamufunafuna mwini wake kwa zaka zambiri, ndipo mu 2015 anaitulutsanso pa kampani yake ya Awesome Tapes From Africa. Tepi yoyambirira inali itawonongeka, moti anajambula kuchokera pa kaseti ya pamsewu ija. Bambo amene anali ataiwala zoimba anapezeka akuimba pa mabwalo a ku Ulaya. Nyimbo zake zili ndi liwiro lachilendo ndi ng'oma zouma, ndipo n'zoonekeratu kuti panalibe katswiri womuuza kuti izi sizichitika motere. Kwa ine ubwino wake uli pomwepo.

Kwathu zaka za m'ma 1990 zinali za maliro. Matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a Zamrock ndi a kalindula, makaseti okopera anapha malonda, Teal inatseka, ndipo mawailesi ndi mabala anadzaza ndi rumba ya ku Zaire. Nyimbo za kuno zitadzukanso cha mu 1999, pamene a Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music n'kutulutsa malemu Daddy Zemus, Black Muntu, Shatel, JK ndi malemu Joe Chibangu, kapangidwe kanali kena. Pakati pa situdiyo panali munthu mmodzi, kiyibodi ndi kompyuta. Nthawi ya Atari inali itapita, tinalumphira pa PC. Ku Belgium mnyamata wina, Didier Dambrin, anali atalemba kapulogalamu kotchedwa FruityLoops, kamene poyamba sikankatulutsa mawu ngakhale pang'ono: kankangotumiza manambala a MIDI ku makina a ng'oma. Mu 2003 anakasintha dzina kukhala FL Studio. Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa zili m'chipinda chilichonse chomatidwa ndi mathileyi a mazira mu Matero, Chawama, Kapata ndi Mchini. Ngakhale besi ija ya amapiano imene mumaitcha log drum inatchuka kuchokera m'kachida ka FL Studio kotchedwa DX10, kopanga mawu mwa njira yomwe DX7 inkapangira mu 1983.

Ndingakhale wabodza nditati zonsezi zinabwera popanda mtengo. Woyamba kulipira anali woimba ng'oma. Mwini ukwati akaona kuti mnyamata mmodzi ndi kiyibodi akhoza kugwira ntchito ya anthu asanu, salipira asanu. Amalume anga ena ankaimba besi m'kagulu ka kalindula, ndipo gitala yawo inathera pa msomali, nthambo zake ana atazimasula kukatchera mbewa. Mwana amene akanaphunzira kugunda ng'oma poyang'ana manja a mkulu wake amaphunzira kudina timabokosi.

Timabokosi timeneti ndi nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mukatsegula FL Studio imakupatsani mabokosi 16 pa mzere, ogawidwa anayianayi. Inatengera makina a ng'oma akale monga Roland TR-808 ya mu 1980, imene inali ndi mabatani 16. Kuwerenga kumeneku n'kwa disko ndi roko. Tsono pitani kumene kukugundidwa ng'oma za vimbuza usiku m'midzi ya Atumbuka, kapena kumene Gule Wamkulu watuluka, muwerenge ndi phazi. Nthawi zambiri mudzapeza kuzungulira kwa 12, kumene ng'oma ina ikukudula patatupatatu, manja a azimayi akukudula mwina, mbiri ziwiri zikukokana popanda ina kugonja. Kalindula yambiri imayendanso pa katatu komweko. Mukaithira m'mabokosi 16 imalowa, koma imatuluka itawongoka msana ngati msilikali, chiuno chitatsala panja. Ndamva nyimbo zambiri za achinyamata zotchedwa zachikhalidwe zimene zili ndi mawu a ng'oma yathu koma mayendedwe a ku America, ndipo agogo akamva amangogwedeza mutu osadzuka pa mpando.

Cholakwa si cha nthambo. Amene anapanga MIDI anaika kuti wotchi yake igunde ka 24 pa kugunda kulikonse kwa phazi, ndipo 24 amagawika pawiri, patatu, panayi, pasanu ndi kamodzi, ngakhale pa 12. Malo a vimbuza analimo kuyambira 1983. Notator ndi Cubase zinkalola kugawa patatu, FL Studio imalolanso, ndipo mukhoza kuzimitsa chowongolera chija n'kusiya ng'oma igwe pamene dzanja laigwetsera, patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono. Kungoti pulogalamu ikatseguka imayamba ndi 16, ndipo ambiri a ife sitipita kukasintha. Amene anaphunzira pa mavidiyo a anyamata a ku Atlanta sanauzidwe kuti pali chosintha.

Pa kamvekedwe ka mawu vuto ndi lozama kuposa apa. Manambala 128 aja ndi makiyi a piyano ya ku Ulaya, masitepe 12 ofanana kuchoka pa C kufika pa C wina. Kalimba ya agogo sinakonzedwe motero. Mwini wake ankakoka ndi kukankha timano take mpaka khutu lake ndi la mudzi wake litavomera, ndipo mawu ena ankagwera pakati pa makiyi awiri a piyano, pamene palibe nambala. Mu 1991 makampani anagwirizana mndandanda wa zida 128 wotchedwa General MIDI, kuti nyimbo yopangidwa pa Roland ikalire chimodzimodzi pa Yamaha: piyano pa 1, ng'oma zonse pa njira ya 10, ndi zina zotero. Pitani pa nambala 109 pa kiyibodi iliyonse yotsata mndandandawu. Mudzapeza mawu akuti Kalimba. Dzina limeneli ndi lathu, la Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi anansi athu. John Blacking analemba za kalimba ya Ansenga a ku Petauke mu 1961, ndipo Hugh Tracey, amene anayenda madera ano akujambula nyimbo, anatenga dzinalo n'kuliika pa tizida timene ankapanga ku South Africa ndi kugulitsa kunja, titakonzedwa m'masitepe a Azungu. Kalimba ya pa 109 ndi mdzukulu wa imeneyo. Inachoka kwathu, inazungulira dziko, n'kubwerera m'bokosi la ku Japan ikulankhula ngati mwana wokulira ku tauni amene dzina la kumudzi analisunga koma malonje anaiwala. Kuipinda kuti ibwerere m'mawu akale n'kotheka, poti MIDI ili ndi kagudumu kopindira mawu ka masitepe 16,384, ndipo mapulogalamu a lero amalola kukonza kiyi iliyonse payokha. Koma pafunika wina akakhale pansi ndi nkhalamba imene idakali nayo kalimba yake, amvetsere ndi kuyeza.

Sindikunena izi ngati munthu wodana ndi makina. Anthu a kwathu sanayambe lero kulanda zida za alendo. Muganda umene timavina ku Lundazi ndi ku Chama unabadwa poonera asilikali a atsamunda akuguba ndi malipenga awo. Makolo athu analibe malipenga amkuwa, choncho anatenga zikho, anamata nembanemba ya kangaude pa kabowo, n'kupanga gulu lawo loimba, lovala zoyera, loseka ndi kutamanda nthawi imodzi. Palibe amene angauone muganda lero n'kunena kuti ndi wa Mngelezi.

Chinthu china chimene MIDI inachita bwino n'kusakalamba. Fayilo yosungidwa mwa njira imene anagwirizana mu 1988 imatseguka pa laputopu ya lero popanda vuto, ndipo mukhoza kuona chala chilichonse cha munthu amene anaiimba, pamene anafulumira, pamene anagunda mofatsa, n'kumupatsa mawu a chida china chimene iye sanachionepo. Chimene chimafa ndi chosungiramo. Floppy imachita nkhungu, maginito ake amafooka, ndipo makina oiwerenga akusowa. Mbale za Zamrock zinapezeka patapita zaka 40 n'kuliranso, mpaka a Jagari Chanda anabwerera pa bwalo ndi WITCH n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Nyimbo za makwaya ndi za masitudiyo ang'onoang'ono a m'ma 1990 zili pa timadiski ndi makaseti m'masutukesi a pansi pa bedi, m'nyumba zodontha. Ngati kwanu kuli katundu wotere, musamutaye posesa.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ndi mng'ono wanga uja wa mu Kanyama. Kiyibodi yakale ija tinaipeza m'kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka, chifukwa mpingo unagula ina yatsopano. Makiyi awiri anali atafa, sipika yake imodzi ikulira ngati njuchi ya m'botolo. Iye anali ndi nthambo imene anagula mu Lusaka, mbali ina USB, mbali ina mapulagi awiri ozungulira a timano tisanu. Tinakolokosa dothi lija ndi kamtengo ka machesi, n'kupuzira. Poyamba sizinagwire, chifukwa tinalowetsa pulagi yolembedwa IN m'bowo la IN, monga amachitira aliyense tsiku loyamba. Potuluka pa uyu m'polowera pa mnzake: OUT ya kiyibodi imapita ku IN ya nthambo. Titasinthanitsa, kagetsi ka pa nthambo kanaphethira.

Mng'ono wanga anasintha mabokosi ake kuchoka pa 16 kufika pa 12, anazimitsa chowongolera, n'kuitana amalume aja a besi, amene anali atakhala pa khonde akutiyang'ana ngati tikuchita zamasewera. Anakana kawiri. Kachitatu anapukuta manja pa thalauza, anafunsa kuti besi ili mbali iti, ndipo anayamba kuifunafuna ndi zala ziwiri. Pa sikirini panayamba kuoneka timizere tobiriwira, tina titagwa pambali pang'ono pa mizere ya pulogalamu. Mnyamata anatambasula dzanja kuti atiwongole, amalume n'kumugwira pa mkono.

"Usiye pomwepo, mphwanga," anatero. "Ndi pamene pamakhala."